Msewu ukakula, madzi ake alowera kwa yani? Mafunso ndi mayankho pa nkhani yokuza misewu mu Blantyre

Amene amakwera minibasi m'mawa kuchokera ku Chirimba kapena ku Machinjiri, ngakhalenso amene amaweruka madzulo kulowera ku Limbe, safunika kuuzidwa kuti misewu ya mu Blantyre yachepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzindawu, ndipo magalimoto akungochulukirachulukira. N'chifukwa chake ikamveka mbiri yoti msewu wakutiwakuti aukuza, ambiri timasangalala. Koma pali mafunso ena omwe samveka pa tsiku loyala mwala wa maziko, pamene amayi akuvina ndipo akuluakulu avala zipewa zolimba. Mafunsowo amadzabwera pambuyo pake, ndipo kawirikawiri amakagwera pa khomo la khonsolo ya mzinda.

Kodi kukuza msewu kuli ndi vuto lanji? Si chitukuko chomwe takhala tikulirira?

Ndi chitukuko ndithu. Ambulansi yothamangira ku chipatala cha Gulupu siyenera kukodwa pa mzere wa magalimoto pa Ginnery Corner, ndipo ilipo misewu mumzinda muno yomwe aliyense akuona kuti ikufunika kuikuza.

Koma msewu sukulira m'malere. Pamalo pomwe phula latsopano likagone, lero pali kale zinthu: mitengo, ngalande, mapaipi a Blantyre Water Board, mapolo a ESCOM, mabenchi a mavenda, kanjira ka ana asukulu. Zonsezi zimayenera kuchoka kapena kusunthidwa. Ntchito ikatha kontilakita amapakira makina ake n'kumapita, koma madzi, matope, fumbi ndi phokoso zimatsala ndi eni dera. Nkhawa za makhonsolo, kuno kwathu ngakhale kunja, zimachokera pamenepa. Wojambula mapulani amakhala wina, wopereka ndalama wina, koma mvula ikagwa madzi n'kulowa m'nyumba za anthu, foni yomwe imalira ndi ya khansala.

Kodi Blantyre anaonapo kale ntchito yotereyi?

Eya. Msewu wa Masauko Chipembere, womwe kale unkatchedwa Kamuzu Highway, ndiwo umalumikiza Blantyre ndi Limbe pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8. Chigawo chake chochokera ku Chichiri kulowera ku Limbe chinakuzidwa ndi thandizo la boma la Japan kudzera ku bungwe lawo la JICA. Anthu anapumako, poti magalimoto anayamba kuyenda awiriawiri mbali iliyonse. Lero mukaima pa Maselema nthawi yoweruka, muona kuti mzere uja unabwereranso.

Nkhani yokuza msewu wochokera pa Clock Tower kudzera pa Kameza mpaka ku bwalo la ndege la Chileka yakhala ikumveka kwa zaka zambiri. Kumbali ya ku Soche nako misewu yodzera pa Kamba, pa Kudya, ku Chitawira ndi ku Zingwangwa imadzaza thithithi m'mawa uliwonse. Tsono funso si loti kodi misewu ina idzakuzidwa, koma loti idzakuzidwa motani.

Anthu amakonda kutchula zomwe zinachitika ku Lilongwe mu 2021. Kunachitika zotani?

M'chaka chimenecho boma linakhazikitsa ntchito yokuza msewu wa Kenyatta ndi wa Mzimba kuti uliwonse ukhale ndi mizere 6. Pasanapite nthawi, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa misewuyo, kuphatikizapo mibawa yomwe inakhalapo zaka makumimakumi, inali pansi. Anthu okonda zachilengedwe anakwiya, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA linalamula kuti ntchitoyo iyambe yaima, chifukwa kafukufuku yemwe lamulo limafuna asanayambe ntchito yotere anali asanavomerezedwe. Pambuyo pake ntchito inapitirira.

Chomwe chinapweteka anthu si kudula mitengo kokha ayi. Ndi ndondomeko yake. Makina ochekera anatsogola, mapepala n'kumabwera m'mbuyo. Kalata yoimitsa ntchito ikafika mbawa uli kale pansi, kalatayo siwudzutsa. Ndipo onani kuti apa sanali munthu wamba wozemba lamulo usiku. Inali ntchito ya boma, yoimitsidwa ndi bungwe la boma lomwelo. Blantyre ali ndi mwayi woti anaonera patali.

Koma mtengo si mtengo basi? Akadula umodzi n'kudzala khumi, vuto lili pati?

Kudzala ndi kwina, kukula ndi kwina. Mbande yodzalidwa mu Januwale pamaso pa makamera imayenera kupirira chilimwe chonse popanda wothirira, ipulumuke kwa mbuzi, kwa moto, kwa galimoto yoimika pambali ndi kwa munthu wofuna mtengo womangira benchi. Mbawa kuti ufike popereka mthunzi weniweni umatenga zaka zambiri, mwina mwana wobadwa tsiku lodzala atamaliza kale sekondale. M'zaka zonsezo woyenda pansi akupsa ndi dzuwa la Okutobala, ndipo phula losaphimbika likutenthetsa dera lonse.

Mtengo wa m'mbali mwa msewu umagwiranso ntchito zina zosaoneka. Masamba ake amawakha fumbi. Mvula ikamagwa, nthambi zimachepetsa mphamvu ya madontho, mizu n'kugwira dothi ndi kutsegula njira yoti madzi alowere pansi. Ndiye akalonjeza mbande zikwizikwi koma n'kukazidzala ku phiri lina kutali, chilengedwe cha dziko chapindulako, koma mayi wodikira minibasi pa siteji pomwe panali mthunzi sanabwezeredwe kanthu.

Pangano labwino silinena za chiwerengero cha mbande zodzalidwa. Limanena kuti ndi mitengo ingati yomwe idzakhale ili moyo pakatha zaka zitatu kapena zisanu, ndani aziithirira, ndipo ndalama zake zili pati.

Nanga bwanji mutu wa nkhaniyi ukunena za madzi osati mitengo?

Chifukwa Blantyre si Lilongwe. Mzinda uno unamangidwa pakati pa mapiri: Soche, Ndirande, Michiru, Mpingwe, Bangwe. Pafupifupi msewu uliwonse uli ndi kumtunda ndi kumunsi kwake, ndipo kumunsiko kumakhala anthu. Mvula yogwa pa mapiriwa imathamangira mu Mudi, Naperi, Nasolo, Limbe, Likhubula ndi timakwawa tambirimbiri tomwe chilimwe timaoneka ngati tinauma kalekale.

Mvula ikagwa pa dothi kapena pa kapinga, gawo lina limalowa pansi, lotsalalo n'kumayenda pang'onopang'ono. Ikagwa pa phula, pafupifupi yonse imathamanga nthawi imodzi. Amene mnansi wake wa kumtunda anawaka simenti pabwalo ponse akudziwa zomwe zimachitika kukhitchini kwake mvula yoyamba ikagwa. Msewu wokuzidwa umachita zomwezo, kungoti bwalo lake ndi la makilomita.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuwonjezera mizere iwiri kumafuna mamita pafupifupi 7 m'lifupi. Pa kilomita imodzi, amenewo ndi masikweya mita 7,000 a phula latsopano. Itagwa mvula ya mamilimita 50, yomwe si yachilendo mu Januwale kapena Febuluwale, madzi ochoka pa kachigawo kameneka kokha ndi malita 350,000, kapena kuti migolo 1,750 ya malita 200. Apa sitinawerenge phula lakale, malo oimikapo magalimoto, kapena madenga a nyumba zomwe zimamangidwa msewu ukakongola.

Mainjiniya amadziwa zimenezi, ndipo m'mbali mwa msewu watsopano mumaona ngalande zowaka bwino. Vuto limakhala komwe ngalandeyo yathera. Malire a ntchito ya kontilakita akafika, simenti nayo imathera pomwepo. Madzi onse omwe asonkhanitsidwa aja amatulukira pa kalavati mmodzi ndi liwiro lalikulu, n'kulowa mu ngalande yakale ya m'lokeshoni yomwe inakumbidwa pamene dera linali ndi nyumba zowerengeka, ndipo mwina yatsekeka ndi mapepala apulasitiki ndi mchenga. Pomwe palibe ngalande, madzi amadzikumbira okha njira. Chaka choyamba ndi kangalande kakang'ono, chaka chachitatu ndi chigwembe chomeza chimbudzi cha munthu.

Ndiye pulani ya msewu mu Blantyre siyenera kuthera m'mphepete mwa phula. Iyenera kutsatira madziwo mpaka pomwe akalowere mumtsinje, n'kuonanso ngati milatho ndi makalavati a kumunsi angathe kuwalandira. Kwa ine ili ndiye funso loyamba lomwe khonsolo iyenera kufunsa, mitengo ibwere pachiwiri.

Kodi mukutanthauza kuti misewu ndiyo inachititsa ngozi ya ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy?

Ayi, ndipo tisanamizire misewu mlandu womwe si wake. Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osalekeza. Phiri la Soche linali litametedwa mitengo, ndipo anthu osowa malo anali atamanga m'malo otsetsereka ndi m'njira za madzi. Dothi litakhuta linagumuka pamodzi ndi miyala ikuluikulu, n'kusesa nyumba ku Chilobwe, ku Manja ndi madera ena a m'tsinde mwa phirilo. M'dziko lonse anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Koma Freddy anatisiyira chenjezo lomwe womanga msewu sangalinyalanyaze. Kukula kwa kalavati kapena mlatho amakuwerengera poona mvula yomwe yakhala ikugwa m'mbuyomu. Tsono taonani zaka izi: madzi osefukira a 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Mvula yomwe makolo ankati imabwera kamodzi pa moyo wa munthu yayamba kubwera pafupipafupi. Kalavati wochepa akatsekeka ndi zitsa ndi miyala, msewu womwewo umasanduka khoma lotchinga madzi, ndipo akadzaphulika amapita ndi zonse za kumunsi. Komanso kudula phiri kuti msewu upeze malo kumasiya chikhoma cha dothi chomwe chimafuna kuwakira ndi kudzala udzu wogwira nthaka monga vetiva. Kumadera a m'tsinde mwa Soche, Ndirande ndi Bangwe, zimenezi si zokongoletsera ayi.

Nanga dothi, miyala ndi mchenga womangira zimachokera kuti?

Funso limeneli anthu ambiri salifunsa, chifukwa bala lake limakhala kutali ndi msewu. Miyala ya kwale imaphwanyidwa m'mapiri, ngati momwe timaonera ku Njuli pa msewu wa ku Zomba, ndipo okhala pafupi ndiwo amapuma fumbi ndi kumva kuphulika kwa miyala. Dothi lofiira lothira pansi pa phula amakalikumba m'minda ya anthu kunja kwa mzinda. Maenjewo akasiyidwa osakwirira amadzaza madzi, udzudzu n'kumaswana, ndipo ana okasambira amatha kumiramo. Mchenga nawo ukamatapidwa mosasamala m'mitsinje, magombe amagumuka.

Pa malo a ntchito penipeni pali mafuta otayika a makina, zotsalira za phula, ndi fumbi lomwe limagwera pa tomato ndi mandasi a ogulitsa m'mbali. Paipi ya madzi akumwa ikaphulika pafupi ndi ya suweji, mu mzinda womwe unavutika ndi kolera mu 2022 ndi 2023, nkhaniyo si yaing'ono.

Msewu ndi wa yani kwenikweni? Khonsolo ili ndi mphamvu yanji?

Misewu ikuluikulu ya dziko, monga M1 yomwe imadutsa mumzinda muno kuchokera ku Zalewa kutsikira ku Chikwawa, ili m'manja mwa Roads Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Ndalama zokonzera misewu zimasungidwa ndi Roads Fund Administration, yomwe imatolera msonkho wa pa mafuta a galimoto komanso ndalama za pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Ntchito zikuluzikulu zimadaliranso ngongole kapena thandizo la maiko akunja. Khonsolo imayang'anira misewu ya m'kati mwa mzinda, ndipo malinga ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, ili ndi udindo pa ngalande, zinyalala, misika, magetsi a m'misewu, ukhondo ndi mapulani a kamangidwe.

Mwaona pomwe pali mfundo? Msewu waukulu ungakonzedwe ndi bungwe la boma lalikulu, koma madzi ake akathera mu ngalande ya khonsolo, mavenda osamutsidwa akafuna malo ku khonsolo, ndipo mchenga wodzaza m'ngalande chaka ndi chaka adzakolope ndi antchito a khonsolo, polipidwa ndi misonkho ya malo ndi nyumba yomwe kutolera kwake n'kovuta kale. Khonsolo yomwe yangovomera pulani osaiwerenga yasainira ngongole yosadziwa kukula kwake.

Mphamvu ilipo ndithu. Khonsolo ndi imodzi mwa mbali zoyenera kufunsidwa pa kafukufuku wa zachilengedwe, ili ndi mainjiniya ndi akatswiri a mapulani ake, ndipo makhansala angathe kuitanitsa eni ntchito kuti adzafotokoze pa msonkhano wawo. Chomwe chimasowa nthawi zambiri ndi kulimba mtima. Msewu umakhala lonjezo la ndale, ndipo khansala wofunsa za ngalande amaopa kutchedwa mdani wa chitukuko. Tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala. Chizolowezi choti zonse zimagamulidwa kumtunda sichinatheretu.

Mwatchula kafukufuku kangapo. Ndi kafukufuku wanji ameneyu?

Akatswiri amamutchula mwachidule kuti ESIA. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017, lomwe linalowa m'malo mwa la 1996 ndi kukhazikitsa MEPA, limati ntchito zikuluzikulu zisayambe mpaka mwini ntchito ataunika momwe zikhudzire chilengedwe ndi anthu, MEPA n'kuvomereza. Lipoti lake limayenera kunena zomwe zili pamalopo lero, zomwe ziwonongeke, njira zina zomwe zinaganiziridwa, ndi zomwe achite pochepetsa kuwonongekako. Anthu okhudzidwa amayenera kufunsidwa maganizo. Lamulo lomweli limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaika moyo pachiswe, ndipo limalola kukadandaula ku khoti ufuluwo ukaphwanyidwa.

Pa pepala zili bwino. Pofooka pake ndi apa: wolemba lipoti amalipidwa ndi mwini ntchito, lipotilo limakhala buku lalikulu la m'Chingerezi, ndipo zomwe amati kufunsa anthu nthawi zina zimangokhala msonkhano umodzi wa atsogoleri ochepa, kusainira pepala, kumwa zoziziritsa kukhosi, basi. Mayi wa nyumba yomwe ili pakamwa pa kalavati samva n'komwe kuti kunali msonkhano. Choipa kwambiri ndi pamene kafukufuku achitika pulani itatha kale, kontilakita atasainira. Zikatero lipoti silingasinthenso kanthu, limangodalitsa zomwe zagamulidwa.

Koma magalimoto akamayenda osaimaima, utsi suchepa? Kumeneko si kuteteza chilengedwe?

Kwa kanthawi, inde. Galimoto yoima injini ikulira imawononga mafuta pachabe, ndipo mafuta kuno timagula ndi ndalama zakunja zomwe tilibe.

Koma maiko omwe anayamba kalekale kukuza misewu anapeza chinthu chodabwitsa. Msewu ukakula, kuyenda pa galimoto kumaphweka, ndiye anthu amayamba kuyenda maulendo omwe kale sankayenda, ena amasiya basi, ena amakamanga kutali podalira msewuwo. Pakapita zaka zochepa mzere uja wabwerera, tsopano uli ndi magalimoto ochuluka kuposa kale. Mu 2011 akatswiri awiri a zachuma, Gilles Duranton ndi Matthew Turner, ataunika mizinda ya ku America, anapeza kuti mtunda womwe magalimoto amayenda umakula pafupifupi mofanana ndi momwe misewu yawonjezekera. Chitsanzo chotchuka ndi Katy Freeway ya ku Houston, yomwe anamaliza kuikuza mu 2008 pa mtengo wa madola pafupifupi 2.8 biliyoni, malo ena n'kufika mizere 26 kuwerengera ndi misewu ya m'mbali. Patangopita zaka zochepa, ulendo wa nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito unayambanso kutalika.

Wina anena kuti Blantyre si Houston, ndipo akunena zoona: kuno anthu ambiri alibe galimoto. Koma magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan akulowa tsiku ndi tsiku, ndipo nyumba zikumera ku Chileka, ku Lunzu, ku Mpemba, ku Chigumula ndi ku Mapanga, komwe munthu sangafike kuntchito wapansi. Komanso kukuza kachigawo kamodzi kumangokankhira mzere kutsogolo. Mizere inayi ikakathera pa raundabauti yopapatiza kapena mu timisewu ta m'tauni ya Limbe, magalimoto amangofika msanga pamalo podikirira.

Nanga ife oyenda pansi, akabaza ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu?

Ndinu ambiri kuposa oyendetsa magalimoto, koma pa pulani mumabwera kumapeto. M'mawa uliwonse khwimbi la anthu limatsika wapansi kuchokera ku Ndirande kupita ku mafakitale a ku Makata, ena kuchokera ku Zingwangwa ndi ku Chilobwe kulowera m'tauni. Msewu ukakula, madalaivala amathamanga, ndipo mtunda wowoloka umatalika. Gogo kapena mwana wa sitandade 2 amene ankawoloka mizere iwiri tsopano awoloke inayi kapena isanu ndi umodzi. Milatho ya oyenda pansi imathandiza pena, koma ikakhala kutali, ya masitepe ambiri, kapena ya mdima usiku, anthu amaizemba, ndipo wa njinga ya olumala sangakwereko n'komwe.

Msewu wa mumzinda umafunika njira ya oyenda pansi yotakata ndi ya mthunzi, malo owolokera pomwe anthu amawolokera kale, kachilumba pakati poti munthu apumirepo, masiteji oti minibasi ipatukiremo, ndi mpata wa njinga. Malo a mavenda nawo aganiziridwe ntchito isanayambe. Akapanda kutero amabwerera okha n'kuyala malonda pamwamba pa ngalande yatsopano, zinyalala n'kumagwera momwemo.

Amene nyumba kapena sitolo yake ili m'njira amalandira chipukuta misozi?

Zimatengera pomwe anamanga. Pa msewu waukulu wa dziko, malo osungidwira msewu ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Amene ali ndi malo ovomerezeka kunja kwa malirewo, boma likafuna malo ake liyenera kumulipira. Amene analowerera m'malire a msewu mlandu wake umakhala wovuta. Koma wa kumunsi uja, amene nyumba yake sinagwetsedwe ndi katapila koma idzagwa ndi madzi patapita zaka ziwiri, kawirikawiri sakhala pa mndandanda uliwonse.

Kodi pali njira ina kupatula kukuza?

Zilipo, ndipo zina n'zotsika mtengo. Nthawi zambiri chotsekereza si kuchepa kwa msewu wonse koma mphambano imodzi, maloboti akufa, kapena minibasi zoima pakati pa msewu kudikira wokwera. Kukonza zimenezi sikufuna kudula mtengo ngakhale umodzi. Mathiraki akuluakulu odutsa ulendo wa ku Mwanza, ku Muloza kapena ku Nsanje safunika kupyola pakati pa mzinda nthawi yomwe ana akupita kusukulu, ndipo katundu wolemera wina angathe kuyenda pa njanji yomwe tili nayo kale.

Anzathu a ku Dar es Salaam mu 2016 anayambitsa mabasi akuluakulu oyenda mu mzere wawowawo pakati pa msewu wa Morogoro. Ali ndi mavuto awo, amadzaza mpaka pakhomo, koma mzere umodzi wa mabasi umanyamula anthu ochuluka kwambiri kuposa mzere wa magalimoto okhala ndi munthu mmodzimmodzi. Pakati pa Blantyre ndi Limbe, pomwe anthu ambiri amayenda njira imodzi yomweyo, ganizo lotere si loto. Ku Seoul anafika pogumula msewu wam'mwamba pakati pa 2003 ndi 2005, n'kubwezeretsa mtsinje wa Cheonggyecheon womwe unali utakwiriridwa pansi pake.

Ngakhale pomwe kukuza n'kosapeweka, pulani imatha kupindika. Ku Nairobi mu Novembala 2020, anthu atachita phokoso, pulezidenti Uhuru Kenyatta analamula kuti mkuyu wakalekale wa pa Waiyaki Way usadulidwe, ndipo omanga Nairobi Expressway anaulambalala. Mitengo ina yambiri inagwa pa ntchito imeneyo, tisabise. Koma zinaonetsa kuti mawu oti "palibe kuchitira mwina" si nthawi zonse amakhala oona. Msewu ungakuzidwe mbali imodzi, mzere wa mitengo yakale n'kusanduka chilumba cha pakati.

Ine ndimakhala ku Soche, sindine injiniya. Ndingachitepo chiyani?

Musadikire kuona katapila. Mukangoona anthu akuyeza msewu, kukhoma zikhomo kapena kulemba zizindikiro zofiira pa mitengo ndi pa mipanda, pitani kwa khansala wanu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera lanu. Funsani ngati lipoti la ESIA lilipo ndiponso ngati MEPA yalivomereza. Pemphani kuti adzalifotokoze m'Chichewa, pa bwalo, masana, pamaso pa anthu a kumunsi kwa msewu osati atsogoleri okha. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho kupempha pepala lotere si kupempha chifundo.

Pa msonkhanopo musachite manyazi kuti simunapite patali ndi sukulu. Inu ndi amene mukudziwa pomwe madzi anadutsa mu 2015 ndi mu 2023, kakhwawa komwe kamadzuka mvula ikakula, ndi pomwe ana amawolokera. Injiniya wobwera mu Ogasiti kukuuma sangazione zimenezo pokhapokha mutamulozera. Muuzeni akuonetseni pa mapu pomwe ngalande iliyonse ikathere, mitengo yomwe idulidwe ndi yomwe itsale, komwe akakumbe dothi ndi amene adzakwirire maenjewo. Jambulani zithunzi za nyumba yanu ndi ngalande ya kwanu ntchito isanayambe, ndipo mayankho omwe akupatsani alembedwe, asainidwe, kope lina litsale ndi komiti.

Kwa inu makhansala ndi akuluakulu a khonsolo ku Civic Centre, pempho ndi limodzi: musavomere pulani ya msewu uliwonse mumzinda muno musanaione njira ya madzi ake kuchokera pa phula mpaka kumtsinje, ndi dzina la amene adzalipire ngalande za kumunsi.